Beni ili m'ng'oma, osati m'mendulo

Pa mipikisano ya magule m'sukulu za m'chigwa cha Domasi, oweruza amakonda kupereka malikisi a beni poyang'ana zovala: kabudula wa khaki, chipewa, mendulo za zitsekerero za mabotolo pachifuwa, ndi mnyamata wochita sawasha mokokomeza kuti anthu aseke. Zimandinyansa ine. Gule amene anafika kuno ndi nkhondo tamusandutsa nthabwala.

Beni inayambira m'matauni a Aswahili monga Lamu ndi Mombasa cha m'ma 1890. Kuno inafala ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga ankalondola gulu la nkhondo la Ajeremani lotsogoleredwa ndi von Lettow-Vorbeck ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri osabwererako. Amene anabwerera kwa Malemia ndi midzi ina ya Ayao anali atamva bandi ya malipenga pa perete, ndipo kambi ya asilikali ku Zomba sinali kutali. Choncho anthu amafulumira kunena kuti beni ndi kutsanzira Mzungu. Wolemba mbiri Terence Ranger, m'buku lake la 1975 lonena za beni, anaonetsa kuti nkhaniyi si yophweka chomwecho, koma khutu lokha likadatiuza kale.

Tamverani ng'oma. Nyimbo yogubira ya ku Ulaya imayenda mowongoka, kumanzere kumanja, kuti phazi la msilikali lisasochere. Ng'oma yaikulu ya beni imasunga kuguba kumeneko, inde, koma zing'onozing'ono zimalowa m'mipata imene yaikuluyo yasiya, kuisereula, kuitsogolera pang'ono, kenako n'kuipezanso. Mapazi akumvera lamulo la perete, mapewa ndi chiuno zikumvera mudzi. Luso lonse lagona pa mkangano umenewu! Woimba wodziwa amachedwetsa dzanja dala, mpaka wovina aoneke ngati aphonya, ndiye wezulo n'kulira, mzere wonse n'kutembenuka pamodzi. Woimba wosadziwa amangomenya ng'oma zonse pamalo amodzi, ndipo chotsala ndi ana oguba basi. Oweruza athu sasiyanitsa awiriwa. Sasamalanso za amayi oyankha nyimbo, chonsecho mawu awo ndiwo amanyamula madandaulo ndi chipongwe zimene msilikali sakadayerekeza kunena pamaso pa sajeni.

Za magitala ndi mabanjo amene anafala itatha nkhondo yachiwiri, asilikali atabwera kuchokera ku Ethiopia ndi ku Burma, ena alemba kale zokwanira. Nyimbo zake n'zokoma, koma sizinalimbane ndi bandi ya Mzungu maso ndi maso. Makwaya oimba motsata manotsi a pamishoni sindiwatchulanso. Malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay ndiwo abale ake enieni a beni, ngakhale kuti iwo anasankha kulanda lipenga polikonza ndi chikho.

Popeza maphunziro a sukulu zathu amakonzedwera ku Domasi komweko, pa Malawi Institute of Education, ndikadakonda mwana wophunzira beni ayambe wakhala pansi pafupi ndi oimba ng'oma kwa teremu yathunthu asanavale khaki.