Amisiri a Misasa ya ku Luangwa

Kuchokera pa Kachebere, pomwe seminale yaikulu yakhala m'tsinde mwa phiri kuyambira 1939, malire a Zambia ali pafupi. Msewu ukadutsa Chipata umatsetsereka mpaka ku Mfuwe, pachipata cha nkhalango ya South Luangwa.

Kumeneko kuli luso loyenera kuwomberedwa m'manja. Mvula ikatha, madzi a Luangwa ataphwa, amuna a m'midzi ya Akunda amalowa m'tchire ndi nkhwangwa ndi zikwakwa. Amazika nsichi, kuluka zipupa za bango ndi kufolera udzu, mpaka msasa wogonamo alendo utaima pagombe. Amadziwa mtengo wa mthunzi wabwino, amadziwanso mkwaso wa mvuu, kumene munthu wanzeru samangako. Mvula ikayandikira cha mu Novembala, misasa yambiri amaiphwasula, malowo n'kubwerera kwa eni ake, njovu ndi njati.

Ntchitoyi idayamba mu 1950, Norman Carr atagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo, ndalama zake zikupita kwa anthu a mfumuyo. Alendo amatamanda kwambiri wowatsogolera poyenda pansi, koma womanga denga losadontha mame nayenso ngofunika kumutchula.