Kubiriwira, Chikasu ndi Phulusa: Kuwerengera Gatsby pa Capital Hill

Anzanga ena amati The Great Gatsby, buku limene F. Scott Fitzgerald anatulutsa mu 1925, ndi nkhani ya Amereka okhaokha. Ine ndikukana. Aliyense amene anayendapo kuchokera ku Mtandire kulowa mu Area 47 mwezi wa Okutobala, nasiya fumbi n'kuponda kapinga wothiriridwa, walimva kale bukuli asanalitsegule.

Fitzgerald salalikira za chuma, amachipaka utoto. Jay Gatsby, mwana wa alimi osauka a ku North Dakota, walemera ndi mowa wozembetsa m'nyengo imene boma linaletsa mowa. Usiku amayang'ana nyali yobiriwira kutsidya la nyanja, kumene kukhala Daisy, mkazi wa mwini. Nyaliyo ndiyo chiyembekezo chake, komanso kubiriwirako ndi mtundu wa dola. Chikondi cha Gatsby ndi ndalama sizilekanitsika.

Pa mitundu ina, Chichewa chathu chimatithandiza kuposa Chingerezi. Daisy timayamba kumuona atavala zoyera, ndipo kwa ife "kuyera" ndi mtundu, ndi ukhondo, ndi kupanda tchimo. Koma woyerayo ndiye agunda Myrtle Wilson ndi galimoto osaima, nasiya mlandu pamutu pa Gatsby. Galimotolo ndi lachikasu: chikasu chimafanana ndi golide, koma si golide, monganso chuma cha Gatsby sichimsandutsa mnzawo wa obadwira m'chuma. Mboni ina inauza wapolisi kuti galimotolo linali lobiriwira. Apa mlembi wachenjera: loto ndi chida chophera zaoneka mtundu umodzi. Nanga George Wilson wa m'chigwa cha phulusa? Ndi wotuwa, ndipo kwathu kuno munthu wotuwa timamdziwa kuti alibe ndi ya mafuta odzola yomwe.

Lilongwe naye anamangidwa ndi mitundu. Likulu linasamuka ku Zomba mu 1975, ntchito yomanga itayamba ndi ngongole ya ku South Africa. Okonza mzindawu anafuna likulu la mitengo ndi maluwa, nalekanitsa Old Town ndi City Centre, Area 10 ndi Kawale. Kubiriwira kunasanduka malire. Pamene za Cashgate zinaululika mu 2013, ndalama za boma zikupezeka m'magalimoto ndi m'nyumba za antchito a boma, funso linali lomwe alendo a Gatsby ankanong'onezana uku akumwa mowa wake: chumachi wachitenga kuti? Kufunsa ankafunsa, koma kuphwando sankajomba. Pa maliro ake panafika anthu owerengeka.

Komabe bukuli lili ndi chilema. Wotifotokozera nkhani, Nick Carraway, amadutsa m'chigwa cha phulusa pa sitima kapena pa galimoto. Olemera awapatsa mitundu yambiri, osauka mtundu umodzi. Wilson ndi phulusa basi mpaka tsiku limene atola mfuti. Mlembi amene akudzudzula chuma wachita nachonso chidwi mopitirira.

Apa ndipo pali phunziro kwa ife a m'gulu la alembi. Tikamalemba za Lilongwe, tisaime pa mpanda wa Area 43 kusirira kapinga. Tifunse amene amamuthirira: amagona kuti, ndipo kwawoko madzi amatunga pati? Mutu umodzi susenza denga. Nkhani ya mzinda isasenzedwe ndi maso a bwana okha.