Ka "w" Kanga Mudakataya Kuti, a Mkonzi?

Ndakatulo yanga yolira malemu mayi idatuluka m'nyuzipepala ina itametedwa. Ine ndidalemba kuti "Ndawawona akuwoloka mtsinje." Mkonzi, poganiza kuti akundikonzera Chichewa, adasindikiza "Ndawaona akuoloka mtsinje." Patsiku lomanga chiliza, mphwanga adaiwerenga pagulu monga adaipezera papepala, ndipo pakamwa pake padatuluka "akwoloka". Mzere wa maphatikizo 12 udatsala ndi 11. Mayi amene ndinkafuna awoloke mwapang'onopang'ono, madzi ali m'maondo, adangodumpha ngati akuthawa ngongole.

Ena muti ndikulira kalembo kamodzi. Eetu, koma tamvani ntchito yake.

M'Chichewa lembo la liwu lililonse limakhala ndi phatikizo lakelake. Tilibe liwu loyamba ngati "a" nkukathera ku "i" m'phatikizo limodzi, monga zilili m'Chingerezi. Umboni uli pa mawu amene tidabwereka. Mngerezi akamatchula mwezi wa July amagunda kawiri, ife timagunda katatu: Ju-la-yi. Chimodzimodzinso Meyi, tayi, layini ndi thawulo. Lilime la Mchewa likakumana ndi liwu loterereka la Mzungu limalidula pakati nkukhomerapo "y" kapena "w" ngati mphero. Palibe komiti idakhalapo pansi kuti zitero. Adatero ndi agogo athu pamsika ndi pasitolo.

Tizilembo tiwiriti tili ndi ntchito ziwiri zosemphana. Pena timalumikiza: mu ndi ana zimabala mwana, ku ndi athu zimabala kwathu, maphatikizo atatu nkusanduka awiri. Pena timalekanitsa: mu "kuwona" kapena "mayina" timaima pakati kuti liwu lina lisameze linzake. Amene akuti nzosafunika ayese kuuza mnzake kuti "mwina" pamene amafuna kunena kuti "muwina", kapena "kwina" m'malo mwa "kuwina". Aona ngati amvana.

Sindikunyoza malamulo ayi. Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, nkuwaunikanso mu 1980 ndi mu 1990. Litatha bungwelo, ntchitoyi idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Mwana wa sukulu ayenera kukhala ndi kalembedwe kamodzi koti akhoze nako mayeso, ndipo wolemba nkhani za kukhoti sangamasinthe kalembedwe tsiku ndi tsiku. Koma ngati malamulowo adaunikidwa kangapo konseko, ndiye kuti eni ake omwe ankadziwa kuti cholembera chimatsalira, pakamwa pamatsogola.

Ndakatulo ndi ya pakamwa. Pepala limangoisungira wolakatula. Ndikalemba "akuwoloka" ndikumuuza kuti apa usathamange, ponda phatikizo lililonse. Ndikafuna liwiro, ndilemba mwina. Mkonzi akasalaza zonse kuti zifanane, wandilanda chiwongolero ine ndili pampando.

Komatu alakatuli anzanga, nafenso mlandu tili nawo. Ndakatulo zambiri zimene ndimawerenga m'masamba ngati ano zimaoneka kuti mwini wake sadaziyankhulepo mokweza nkamodzi komwe. Wina alemba "maiko" m'ndime yoyamba, "mayiko" m'ndime yachiwiri, popanda chifukwa chomveka m'khutu. Wina amwaza "w" ndi "y" paliponse ngati mchere, akuti kuti Chichewa chioneke chakuya. Ukamufunsa kuti mzere wakewo uli ndi maphatikizo angati, amakuyang'ana ngati wamufunsa msonkho. Munthu wotere mkonzi akamumeta, adandaule chiyani? Iye yemwe sadziwa chimene chachotsedwa.

Tikaphunzire kwa amayi a pamtondo. Sadaonepo buku la malamulo, koma musi ukamatsika amadziwa pomeza liwu ndi politambasula kuti mawu agwere pamodzi ndi kugunda. Khutu limenelo ndilo likusowa pa madesiki athu.

Pempho langa kwa akonzi ndi laling'ono. Musanafufute kalembo m'ndakatulo ya munthu, tsekani chitseko, muiwerenge mokweza kawiri, koyamba kalemboko kalipo, kachiwiri mutakachotsa. Ngati simukumva kusiyana, fufutani, sindidzabwera kudzakufunsani. Koma ngati mwamva mzere ukutsimphina, kasiyeni pomwepo. Mphwanga adawerenga zimene adapatsidwa, ndipo chiliza samanga kawiri.