Dzina Likayamba Kuluma

Abale ndi alongo otsogolera makalasi, pali cizolowezi cimene tifuna kucidzudzula, ndipo ifenso tili nawo mlandu. Tikapeza mau m'buku lakale kapena pakamwa pa agogo, timangowalemba pa bolodi. Wina akadandaula timati: "Nanga si mmene adalembera?" Eya, adalemba conco. Koma dzina limakalamba, ndipo nthawi zina limayamba kuluma.

Tidaziona m'kalasi mwathu. Tinkaphunzitsa kha, khe, khi, ndiye tidalemba kuti: "Wakhate akupempha." Ena adaseka, maso onse kuyang'ana mai mmodzi wa zala zoduka. Maiwo adacira kalekale, amalima okha, sadapemphepo kanthu kwa munthu. Tsiku lotsatira mkeka wao udali wopanda munthu, mpaka lero. Ciganizo cathu cidaphunzitsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kulemba "kha", ndi bodza lakuti wodwala khate ndiye wopemphetsa.

Kodi dzina limaola bwanji? Mbiri yathu yomwe itiyankhe.

Abale athu Alomwe, a ku mapiri a Namuli, ambiri adaoloka malire ca m'ma 1900 ndi zaka zotsatira, kuthawa cibalo ndi msonkho wa Apwitikizi. Ku Nyasaland adawapatsa dzina losakhala lao, lakuti "Anguru". Popeza ankagwira nchito yakalavulagaga m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo pa malipiro ocepa, dzinalo lidasenza umphawi wao, mpaka lidasanduka citonzo. Mu 1943 Lewis Bandawe, amene adagwira nchito pa misyoni ya Mihecani kuno ku Moçambique ndi kumasulira Cipangano Catsopano m'Cilomwe, adayambitsa bungwe la Alomwe. Boma lidavomera kuleka dzina lija. Taonani: adalikana ndi eni ake.

Ifenso lidatilumapo. M'Cipwitikizi "indígena" ndi mbadwa, mwini nthaka. Coipa ncotani pamenepo? Koma lamulo la atsamunda lidati indígena si nzika: ayende ndi caderneta, agwidwe cibalo, mwana wake aphunzire sukulu yapansi. Lamulolo lidathetsedwa mu 1961, koma funsani agogo ngati angakondwere kuitanidwa conco. Zilembo zake sizidasinthe. Cidaliipitsa ndi zimene ankamcita munthu pomuitana dzinalo.

Ndi khate momwemonso. Ndi matenda obwera ndi kacilombo kamene Gerhard Hansen adakapeza mu 1873, osati temberero kapena ufiti. Amacizika ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12. Koma tikati "wakhate" timamsandutsa munthu yense kukhala matenda ake, ngakhale atacira. Ku Brasil adafika pokhazikitsa lamulo mu 1995 lakuti m'makalata a boma mulembedwe "hanseníase", osati "lepra".

Tsono pano tidzudzulenso mbali ina. Alipo amene amaganiza kuti kusintha dzina ndiye kuti nkhani yatha. Iai. Tikapeza dzina lokoma koma nkumam'patulirabe mnzathu mbale yakeyake, dzina latsopanolo lidzaolanso posacedwa, monga madzi abwino m'mtsuko wosatsuka. Enanso amafuna kufufuta mau onse akale. Tikatero ana adzadziwa bwanji zimene makolo adapirira?

Ife tikuti ticite zitatu izi. Coyamba, tifunse eni ake: "Tikuitaneni bwanji?" Yankho lao liposa buku. Caciwiri, titsogoze munthu, matenda abwere pambuyo: munthu amene akudwala khate, munthu amene adacira. Cacitatu, mau akale tikakumana nawo m'phunziro la mbiri kapena m'Buku Lopatulika, tiwawerenge ndithu, koma tiime ndi kufotokoza amene adawagwiritsa nchito, pa nthawi yanji, ndi amene adawapweteka.

Akulu adati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Munthu wamkulu akalimba mtima kudzakhala pansi kuti aphunzire a, e, i, wabwera kale ndi manyazi okwanira. Tisamuonjezere ena. Musanalembe ciganizo pa bolodi, yang'anani kaye amene akhala kutsogolo kwanu.

Ndipo pophunzitsa "kha", khasu lilipo. Aliyense ali nalo kunyumba, ndipo silinyoza munthu.