Sewero la Red Baron: Nanga Manda Ali Kuti?

Acinyamata anzanga a ku Kabwata, Chelstone ndi kwina konse, ngati mumakonda masewero a pakompyuta, mvetserani za limodzi lakale lochedwa Red Baron. Linatuluka mu 1990 kucokera ku kampani ya Dynamix, ndipo likali kupezeka pa intaneti. Sewerolo limakukwezani m'ndeke za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 kufikira 1918.

Tiyambe ndi zokoma zake. Ndeke zija zinali zamatabwa ndi nsalu cabe, ndipo sewero silibisa zimenezi. Mfuti imakana kulira pamene mukuifunitsitsa, zipolopolo zimatha, ndipo mdani amabisala m'kuwala kwa dzuwa. Mukakwera Fokker Eindecker ya 1915 mudzamvetsa cifukwa cake Angelezi anaiopa: inali ndi kacipangizo kocititsa zipolopolo kudutsa pakati pa mapiko a pulopela osawaswa. Apa opanga ake anagwira nchito, tiwayamike.

Koma taonani zimene anasiya. Mukagwetsa ndeke amakupatsani mendulo ndi kukukwezani udindo. Mukaphedwa mumangoyambanso. Kodi mudziwa kuti oyendetsa ndeke za nkhondo a ku Britain sanali kupatsidwa maparachuti? Ndeke ikagwira moto, munthu anali kusankha pakati pa kupsa ndi kudumpha. Mu April 1917 mokha Angelezi anataya ndeke zoposa 200. Manfred von Richthofen, mwini wake wa dzina la Red Baron, anagwetsa ndeke 80, koma anaphedwa pa 21 April 1918 ali ndi zaka 25. Umenewu ndi msinkhu wa ambiri a ife.

Cina n'cakuti sewero limaonetsa ngati nkhondoyo inali ya ku Ulaya kokha. Si tero ai. Mu 1916 ndeke za Abelijiyamu zinaponya mabomba pa Kigoma, pofuna sitima ya Ajeremani imene pambuyo pake inachedwa Liemba, ija inafika ku Mpulungu kwa zaka zambiri. Asilikali a Ajeremani anatula zida ku Mbala pa 25 November 1918. Makolo athu zikwizikwi anagwidwa kukhala amtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Iwowa analibe mendulo.

Ndipo ife a mu Lusaka, ndeke ya nkhondo si nthano. Funsani akuluakulu za pa 19 October 1978, tsiku limene ndeke za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa mzinda wathu. Adzakuuzani mmene nkhondo ya m'mlengalenga imaonekera kwa munthu amene ali pansi.

Tsono musewere kapena ai? Sewerani, muphunziremo za makina ndi mbiri. Koma kandeke kaja kakamagwa ndi utsi, kumbukirani kuti munali mwana wa munthu m'menemo. Mukakumana pagulu lanu sabata ino, kambiranani funso ili: kodi sewero lobisa maliro lingatiphunzitse zoona za nkhondo?