Njira ya ku Chambe ndi amisiri ake opanda dzina

Kwa Mpama, monga m'dera lonse la Chiradzulu, minda ndi yogundana, ndipo tinjira topita kuchigayo, kumjigo ndi kumsika timakhota potsata malire a eni minda. Koma kum'mawa uko, kumene phiri la Mulanje limaonekera kukacha bwino, kuli njira zokhota pa chifukwa china. Zimenezo zimamvera thanthwe, mizu ndi madzi, ndipo amene anazilambula anali amisiri enieni, ngakhale palibe mwala umene unalembedwa dzina lawo.

Pa phirili, kuchokera pa Likhubula kukwera ku Chambe njira zodziwika zilipo ziwiri. Ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira, ndipo imakumbutsa chingwe chachitsulo chimene kale ankatsitsira matabwa kuchokera pamwamba. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, imayenda moyandikana ndi mtsinje n'kudutsa cha ku Dziwe la Nkhalamba. Ine mtima wanga uli pa yachiwiriyi, chifukwa ndi imene imaonetsa bwino nzeru za phazi.

M'nkhalango njirayi sikwera molunjika. Imapita uku, n'kubwerera uku, ndipo mlendo wothamanga mtima amaona ngati akumutayitsa nthawi. Aiwala kuti m'njira za phirili mwadutsa anthu osenza matabwa a mkungudza pamutu, nkhata yokha ili pakati pa thabwa ndi chigaza. Wosenza thabwa lalitali sangawerame kuti aone pansi, sangapotoloke mwadzidzidzi, ndipo akaponda pa ndere wapita. Phazi lake limafuna popondapo podalirika, motero limasankha muzu wokhuthala umene wagwira dothi ngati sitepe, kapena mwala wokhazikika umene sugwedera. Phazi lotsatira limaponda pomwepo. Zaka zikapita, malo aja amasalala, ndipo wokwera lero amangolandira chisankho chimene ena anachiyesa ndi miyoyo yawo.

Mdani wamkulu wa njira ya m'phiri ndi mvula. Njira yotsika molunjika siikhalitsa, mvula imodzi yamphamvu imaisandutsa ngalande. Anthu a ku Chiradzulu sakufunika kuphunzitsidwa zimenezi, anaona okha mu Marichi 2023 zimene madzi a namondwe wa Freddy anachita m'mapiri. Kukhotakhota kuja ndiye kumathyola mphamvu ya madzi: asanathamange patali, njira yakhota, iwo n'kutayikira m'tchire. Pena mumapeza timiyala tondandalikidwa mopingasa, kapena kangalande kokumbidwa ndi khasu kopatutsa madzi. Ndi ntchito yaing'ono, ya mphindi zochepa, koma ikasowa chaka chimodzi chokha pamakhala chigwembe.

Mukatuluka m'mitengo, dziko limatseguka. Pamwamba pa phiri, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, pali udzu waufupi ndi zitsamba zolimba masamba, zozolowera mphepo ndi chisanu. Apa vuto silikhalanso kuterera koma kusochera. Chiperoni chikagwa, munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake. Pa thanthwe phazi silisiya chizindikiro, n'chifukwa chake pamakhala timilu ta miyala, ndipo pokwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, kuchokera ku kanyumba ka Chisepo, anthu amatsata utoto wofiira wopakidwa pa miyala. Luso lake lili pa kutalikirana kwa zizindikirozo: uli pa ichi uyenera kuona chotsatira. Malo ena njira imalowa m'mizere imene amalambula kuti moto wolusa usadumphe, ndipo khasu limodzi lagwira ntchito ziwiri.

Koma pamene ndimagoma kwambiri ndi m'madambo a pamwambapo. Pooneka pamakhala pobiriwira, pathyathyathya, pokopa munthu wotopa kuti adutse pakati. Pansi pake ndi thope lakuda losunga madzi, limene limawatulutsa pang'onopang'ono kudyetsa mitsinje monga Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo ngakhale m'chilimwe. Njira yanzeru imazungulira m'mphepete, pamene udzu wasintha mtundu ndipo nthaka yayamba kulimba. Ikakakamizika kuoloka, imasankha pamene dambo lachepa, pamene pali miyala yopondapo kapena mitengo yogoneka. Wotsogolera alendo akanena kuti, "Pondani pamene ndapondapo, achimwene," sikuti akungoteteza nsapato zanu. Aliyense akayamba kulambalala thope mwa iye yekha, kanjira ka phazi limodzi kamakula kukhala bwalo, udzu umafa, ndipo madzi amapeza potulukira mofulumira. Dambo lotere limayamba kuuma.

Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Nthambi ya zankhalango ndi bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ali ndi gawo lawo posamala phirili, koma amene amadziwa mwala uliwonse ndi otsogolera alendo ndi onyamula katundu a m'midzi ya m'munsi. Mvula ikatha ndi iwo amayamba kuona pamene pagumuka, pamene mtengo wagwera m'njira, pamene mtsinje wasuntha pooloka.

Umboni wa luso lawo umaoneka pa mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters Race, umene umayambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso. Ulendo umene mlendo amaugawa masiku, akatswiri ake amaumaliza m'maola osakwana atatu, akutsika chothamanga pa miyala imene ena amatsika chokhala pansi.