Ulemu kwa Ofukula Zimbale Zakale

Anthu akamatamanda chimbale cha Illmatic cha mu 1994, amatchula Nas yekha. Inde, mnyamata wa ku Queensbridge uja anali ndi lilime lakuthwa. Koma ine mtima wanga uli pa DJ Premier, Pete Rock, Large Professor ndi Q-Tip, amisiri omwe ankafukula zimbale zafumbi za jazz ndi soul n'kutapamo kachidutswa ka masekondi ochepa chabe. Tamverani "The World Is Yours". Piyano ya Ahmad Jamal ija Pete Rock anaidula mwaluso moti imangobwerezabwereza koma khutu silitopa nayo.

Mizu ya ntchitoyi ili ku Bronx, kumene mu 1973 DJ Kool Herc ankasinthanitsa zimbale ziwiri zofanana, kutalikitsa pamene pakulira ng'oma zokha, kuti ovina asapume.

Amisiri a gulu la Bomb Squad anadzera njira ina pa chimbale cha Public Enemy cha mu 1988, It Takes a Nation of Millions to Hold Us Back. Ankaunjika zidutswa zambirimbiri, malipenga okuwa, mfuu za James Brown, phokoso lokhalokha koma lolukidwa bwino. Chondiwawa n'chakuti chigamulo cha khoti pa mlandu wa woimba Biz Markie mu 1991 chinachititsa kuti kachidutswa kalikonse kazipempheredwa chilolezo, ndipo kuunjika kotere kunakwera mtengo kwambiri.